Lita ya ethanol ipite kuti? Zolemba za ntchito yathu ya masitovu ku Ndirande

Tili kagulu kochepa ka anthu a ku Ndirande ndi ku Chilomoni: amayi ophika zogulitsa mu msika, makaniko wa galimoto, anyamata omwe anaphunzira zowotcherera zitsulo, ndi ine mphunzitsi wa sayansi amene anzanga anandipatsa ntchito yosunga buku. Tikuyesa kuphikira ethanol wochokera ku nzimbe m'malo mwa makala. Kuona ngati nsima ipsa ndi gawo laling'ono chabe. Chomwe tikufuna kudziwa kwenikweni ndi chakuti, ukawatsata mafuta amenewa kuchokera kumunda mpaka pansi pa poto, kodi akusamaladi chilengedwe? Zomwe tipeze tidzazilemba m'chikalata chopita kwa makhansala ndi aphungu a dera lathu. Zolembazi ndikuziika poyera monga ndinkazilembera mwezi ndi mwezi.

Kumapeto kwa Epulo

Masitovu afika ndipo tawagawa. Iliyonse ili ndi kachitini pansi kodzaza ndi ulusi wonga thonje umene umamwa ethanol, kotero ngakhale mwana ataigwetsa, mafuta satayika. Tagwirizana kuti wolandira sitovu asataye mbaula yake. Aziphika monga mwa masiku onse, koma azitiuza chomwe waphikira pa sitovu, chomwe wabwerera nacho pa makala, ndi chifukwa chake. Chifukwacho ndiye tikuchifuna kwambiri.

Pa msonkhano woyamba ambiri ankaganiza kuti ethanol ndi chinthu chachilendo chobwera ndi mabungwe akunja. Ayi ndithu. Dziko lino lakhala likupanga ethanol kuyambira 1982, pomwe fakitale ya EthCo inayamba ntchito ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Mu 2004 kunabwera ina, PressCane, ku Dyeratu m'boma la Chikwawa. Makampani onsewa ali pansi pa Press Corporation, ndipo amagula molasesi ku mafakitale a shuga a Illovo a ku Dwangwa ndi ku Nchalo. Aliyense amene wamwetsapo petulo m'dziko muno wagulapo ethanol, chifukwa amathiridwa mu petulo asanafike pa pampu. Mlingo womwe bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA limayang'anira umafika magawo 20 pa 100 alionse, ngakhale nthawi zambiri ethanol sakwana kuti afike pamenepo. Tili m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa kuchita zimenezi, ndipo pomwe anzathu ena anayamba n'kusiya, ife sitinaleke. Nkhaniyi sitiikamba mokwanira.

Ndinafotokozanso za molasesi. Nzimbe zikafinyidwa, madzi ake amawiritsidwa mpaka shuga aumbike timibulu. Zomwe zakana kusanduka shuga zimatsala zakuda, zomata, zonunkhira chopserera, ndipo ameneyo ndiye molasesi. Amamusungunula ndi madzi, n'kuthiramo yisiti, n'kusiya kuti zisase, kenako n'kutcheza. Mayi wina wachikulire atamva izi anati, "Aphunzitsi, ndiye kuti mukunena kachasu." Sanalakwe. Katchezedwe kake ndi komweko, kungoti ku fakitale amachita mobwereza mpaka madzi atatsala pang'ono kutheratu.

Meyi

Zoyamba kumva ndi zabwino. Moto umayaka nthawi yomweyo. Palibe kukupiza, palibe kukapala moto kwa aneba, palibe utsi wa mapulasitiki omwe ambiri amayatsira makala. Tiyi wa m'mawa, phala la ana, mpunga, masamba, usipa ndi mazira, zonsezi zasamukira pa sitovu, ndipo mapoto sakuda. Chomwe amayi akuyamikira koposa ndi chakuti ukamaliza kuphika umatseka moto n'kuzima pomwepo, pomwe makala amapitiriza kunyeka ndiwo zitaphulidwa kale.

Nsima ya banja laling'ono ikupsa bwinobwino, koma sitovu ndi yopepuka, ndiye povundula poto amagwedezeka. Anyamata athu awotcherera chimango chachitsulo chokhazika poto wamkulu, ndipo mayi amene wachiyesa wati tsopano akutha kukanikiza mthiko popanda mantha. Nyemba ndiye zakanika. Palibe amene akulola kuphikira nyemba kapena nandolo wouma pa moto wogula pa lita. Tawalimbikitsa kuviika nyemba m'madzi usiku kuti zisachedwe kupsa. Ena avomera, ena akuti nyemba zoviika sizikoma chimodzimodzi. Anyamata a pa chiwaya anaiyang'ana sitovu n'kunena kuti lawi lotere silingawiritse mafuta a tchipisi, ndipo akunena zoona. Sitovu imeneyi ndi ya pakhomo ndi ya malonda ang'onoang'ono.

Pa zachitetezo sitikunyengerera. Lawi la ethanol ndi labuluu, masana padzuwa silioneka bwino, munthu angathe kuganiza kuti moto wazima usanazime. Lamulo lathu ndi lakuti osathira mafuta kachitini kasanazizire, osasunga ethanol m'botolo la zakumwa, ndipo zenera lizikhala lotsegula pophika. Ethanol wophikira ayeneranso kukhala wothiridwa mankhwala owawa ndi utoto kuti asamweke. Tonse tikukumbukira mmene mowa wa m'masacheti unawonongera anyamata m'makwalala athu boma lisanauletse mu 2015. Sitikufuna kubweretsa vuto lomwelo kudzera kukhitchini.

Juni

Chiperoni wafika, makala akwera mtengo monga amachitira nyengo yozizira, ndipo mwezi uno tauthera pa mkangano umodzi. Makaniko wathu ndiye anauyambitsa. "Aphunzitsi," anatero, "ethanol wochepa yemweyu mukufuna kulanda galimoto? Lita iliyonse yomwe tathira mu petulo ndi madola omwe sitinatumize kunja." Mfundo yake ndi yolemera. Petulo wathu yense amachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo timamulipira ndi ndalama zakunja zomwe tilibe. Kwacha inagwa ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo mizere ya pa malo omwetsera mafuta tonse taigonapo kapena kuiona.

Ndiye tinatenga choko n'kuwerengera pa bolodi. Lita ya ethanol ili ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya lita ya petulo. Lita ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu 2.3 a mpweya wa kaboni, umene ukutenthetsa dziko. Choncho lita ya ethanol yothira mu thanki imapewetsa pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka ya mpweyawo, tisanachotsere zomwe zinawonongeka polima ndi potcheza. Mpweya womwe ethanol mwiniwake amatulutsa sitiuwerengera, poti nzimbe inaukoka mumlengalenga ili kumunda ndipo ya chaka chamawa idzaukokanso.

Tsopano lita yomweyo tiiike pansi pa poto. Sitovu yabwino ya ethanol imafikitsa ku poto kutentha kopitirira theka, pomwe mbaula wamba yachitsulo imataya kumbali pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Powerengera, lita imodzi imagwira ntchito ya makala olemera pakati pa kilogalamu imodzi ndi theka ndi makilogalamu awiri. Ndipo uvuni wadothi womwe ootcha makala amagwiritsa ntchito umadya makilogalamu 5 mpaka 10 a nkhuni kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Ndiye kuti lita imodzi pansi pa poto ikupulumutsa makilogalamu a mtengo okwana pafupifupi 8 mpaka 20. Ngati mitengoyo siikumeranso, monga zilili m'madera ambiri omwe makala a mu Blantyre amachokera, mpweya wopewedwawo ukuposa wa mu thanki mwina kakhumi. Awa ndi masamu a pa bolodi, koma kusiyana kwake n'kwakukulu moti ngakhale mutasuntha manambala pang'ono, mbali yolemera siisintha.

Kunena zoona, kwa ine nkhani ya kaboni imabwera pambuyo. Choyamba ndi mitengoyo. Imirirani pa msewu wa Zalewa m'bandakucha muone njinga ndi malole a makala ochokera ku Neno ndi ku Mwanza. Ndi mitengo yachilengedwe imeneyo, tsamba, mombo, muwanga, yotenga zaka makumi kuti ikule. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo ngakhale lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, mphika uyenera kukhala pamoto madzulo alionse. Phiri la Ndirande lili mbee pamwamba pathu. Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe. Mvula ija inali yoopsa payokha, komabe phiri lopanda mizu siligwira dothi. Dothi lokokoloka kumtunda kwa Shire ndi lomwenso limatseka makina a magetsi ku Nkula ndi kudetsa madzi omwe timapopa ku Walker's Ferry kuti timwe mu mzinda muno.

Pali phindu lina laling'ono. Ethanol wothira mu petulo ayenera kuchotsedwa madzi pafupifupi onse, apo ayi amapatukana ndi petulo mu thanki. Wophikira safuna zimenezo, wa magawo 95 pa 100 amayaka bwino, choncho gawo lomaliza la ntchito ku fakitale limadumphidwa. Makaniko anavomera masamuwo koma sanasinthe maganizo. Akuti dziko losowa madola silingasankhe mitengo. Anationjezeranso chenjezo la ntchito yake: petulo wosakaniza ethanol asamasungidwe nthawi yaitali m'zigubu chifukwa amakoka chinyezi, ndipo m'galimoto zakale za kabuleta amaumitsa mapaipi a labala.

Julayi

Tinatsika mapiri kupita ku Chikwawa kuti tikaone kumene lawi lathu loyera limachokera. Ukangodutsa Thabwa n'kuwoloka Shire, juzi umavula. Chigwachi ndi chotentha, chouma, ndipo nyengo ino tchire lonse ndi lofiirira kupatula minda ya nzimbe yomwe ili biriwiri. Kubiriwira kumeneko ndi madzi a Shire.

Nzimbe ndi mbewu yaludzu. Imakhala m'munda pafupifupi chaka chathunthu ndipo imafuna madzi okwana mamilimita 1,500 mpaka 2,500, pomwe mvula ya kuchigwa nthawi zambiri siifika ngakhale 1,000. Otsalawo amapopedwa mu mtsinje ndi makina oyendera magetsi, magetsi omwenso amachokera ku Shire yemweyo, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Chaka chomwe Nyanja ya Malawi yatsika ndipo Shire wachepa, munda wa nzimbe, makina a magetsi ndi mpopi wa ku Ndirande zonse zimadalira madzi amodzi. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinaona tonse mmene zinthu zimenezi zalumikizirana.

Ichi ndicho chifukwa chake sindilola kuti tibwereke manambala a ku Brazil osawafunsa mafunso. Brazil anayamba ndondomeko yake yopanga ethanol wa galimoto, yotchedwa Proálcool, mu 1975 mafuta atakwera mtengo padziko lonse, ndipo kuyambira 2003 akugulitsa galimoto zotha kumwa petulo, ethanol kapena zosakaniza. Kumeneko ethanol amabweza mphamvu pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa mafuta omwe analowa pomupanga, ndipo mu 2010 bungwe loona zachilengedwe la ku America, EPA, linati amachepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi magawo 61 pa 100 poyerekeza ndi petulo. Zonsezi ndi zoona. Koma nzimbe zambiri za ku São Paulo, chigawo cha ku Brazil komweko, zimakula ndi mvula, zathu zimakula ndi pampu. Kumeneko zotsalira za nzimbe zofinyidwa, zomwe ku fakitale amati bagasse, ndizo zimawiritsa maboila n'kupanga magetsi. Fakitale yotcheza ikamayatsa bagasse, phindu lake ku chilengedwe ndi lalikulu. Ikamayatsa malasha, gawo la phindulo limathera m'chumuni. Feteleza nayenso ali ndi mlandu wake, poti wa nayitulojeni amatulutsa m'nthaka mpweya wina womwe umatenthetsa dziko kuposa kaboni pafupifupi ka 270.

Madzulo tinaona utsi wakuda ukukwera m'munda wina. Nzimbe amaziotcha asanazidule kuti masamba akuthwa apse, njoka zithawe, ndipo odula athe kulowa ndi zikwanje. Phulusa lake limauluka n'kugwera pa zovala zoyanika ndi pa ufa woyanika. Bambo wina wodula nzimbe amene tinacheza naye pa sitolo anatiuza mosabisa. "Achimwene, mukaletsa moto mwatichotsa ntchito, kapena mwatipatsa ntchito yowirikiza pa malipiro omwewo." Mawu amenewa ndawalemba monga anawanenera chifukwa ndi osavuta kuwaiwala ukakhala mu Blantyre. Ku São Paulo anakhazikitsa lamulo lothetsa kuotcha nzimbe pang'onopang'ono mu 2002, mpweya unayera, masamba anayamba kutsala m'munda n'kuphimba nthaka, koma makina odula analowa m'malo mwa anthu masauzande ambiri. Kuchigwa kwa Shire ntchito yolipidwa ndi yosowa. Kuotcha kuyenera kutha, koma amene akunena zimenezi anenenso kumene wodula nzimbe apite.

Ogasiti

Mwezi uno tauthera pa chinthu chomwe sichitchulidwa anthu akamayamikira ethanol: madzi otsala potcheza, omwe akatswiri amati vinasse. Pa lita iliyonse ya ethanol pamatsala malita 10 mpaka 15 a madzi amenewa. Ndi oderapo, owawasa, otuluka ali otentha, ndipo akakhalitsa amanunkha kwambiri. Fakitale yotulutsa malita mamiliyoni angapo a ethanol pa chaka imakhala ndi malita mamiliyoni makumimakumi a vinasse oti iwapezere kopita.

Kuopsa kwake n'kwakuti ali ndi chakudya chambiri cha tizilombo tosaoneka ndi maso. Akalowa mu mtsinje, tizilomboto timachulukana, n'kumaliza mpweya wa m'madzi, nsomba n'kufa chifukwa chobanika. Akasungidwa m'madamu osawaka bwino pansi amalowerera m'nthaka n'kufika m'zitsime ndi m'mijigo. Madamu otseguka amatulutsanso mpweya wa methane, ndipo m'chigwa chomwe madzi amasefukira kawirikawiri ngati cha Shire, damu lodzaza nyengo ya mvula ndi ngozi yodikira tsiku. Kuti amayi aone ndi maso, tinapempha zotsala mu mbiya kwa munthu wina wotcheza, n'kuviikamo kapepala koyesera asidi. Kanafiira pomwepo. Titathira zosasungunula pa kapinga, udzu unapserera. Sizofanana ndendende ndi za ku fakitale, koma phunziro linamveka. Mayi wachikulire uja anapukusa mutu nati, "Walira mvula walira matope."

Chondipweteka n'chakuti madzi omwewa ndi chuma. Ali ndi potaziyamu wambiri, mchere womwe nzimbe imafuna kwambiri ndiponso womwe timagula kunja m'matumba a feteleza. Ku Brazil amawabwezera m'minda kudzera m'ngalande ndi m'mapaipi, pa mlingo woyezedwa malinga ndi nthaka, chifukwa ukachulutsa nthaka imachita mchere. Angathenso kuikidwa m'matanki otseka kuti aole n'kutulutsa gasi woyatsira maboila, kapena kuumitsidwa kukhala feteleza. Njira zonsezi zimadziwika. Zimafuna ndalama poyamba, ndipo zimafuna woyang'anira amene sagona. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA pa ntchito ngati imeneyi. Maganizo anga ndi akuti zotsatira za kuyeza madzi a m'zitsime ndi m'mitsinje yozungulira fakitale iliyonse yotcheza zizipachikidwa poyera, pa ofesi ya mfumu ndi pa chipatala cha m'deralo, m'Chichewa ndi m'Chisena kapena chiyankhulo cha anthu a kumeneko. Mayi wa ku Ndirande amene akuphika popanda utsi ali ndi ufulu wodziwa kuti mnzake wa kuchigwa sakumwa madzi oipa chifukwa cha iye.

Seputembala

Ethanol watithera. Wotigulitsa wati alibe, ndipo sanalonjeze tsiku. Amayi onse abwerera pa makala, ndipo palibe amene ndingamudzudzule. Ngakhale pomwe mafuta analipo, vuto lina linaonekera: makala umagula a m'kajumbo okwanira chakudya chimodzi ndi ndalama yomwe wapeza tsikulo, pomwe ethanol amabwera m'botolo lofuna ndalama ya masiku angapo nthawi imodzi. Mayi wina anati, "Sitovu ndaikonda, koma ndalama yanga imabwera ya lero lokha." Masitovu tawapukuta n'kuwasunga.

Okutobala

Kusowa kwa mwezi watha kwatifikitsa pa funso lalikulu. Ethanol ndi wochepa chifukwa molasesi ndi wochepa. Tani imodzi ya nzimbe imatulutsa shuga woposa makilogalamu 100, koma molasesi wa makilogalamu 30 mpaka 45 okha, ndipo ameneyu amapereka malita pafupifupi 10 a ethanol. Molasesi yemweyo akufunidwanso ndi opanga zakumwa ndi oweta ng'ombe. N'chifukwa chake mafakitale athu otcheza akhala akugwira ntchito mosafika pa mphamvu zawo zonse, ndipo akhala akukamba zolima nzimbe zongopangira ethanol. Ukafinya nzimbe n'kusasitsa madzi ake onse osapanga shuga, tani imodzi imapereka malita pafupifupi 80.

Anyamata athu anasangalala ndi nambala imeneyi. Ine ndinawapempha kuti tiwerengere mbali inayo. Ethanol wa molasesi ndi wa zotsala: munda unalimidwa kale chifukwa cha shuga, madzi anapopedwa kale, ndiye gawo lalikulu la ngongole ya chilengedwe ndi la shuga. Koma munda wolimira ethanol yekha umasenza ngongole yonse. Hekitala yobereka matani 100 ipereka malita 8,000, itamwa madzi okwana malita 15 miliyoni kapena kuposa, kuwerengera mvula ndi mthirira. Ndiye kuti lita imodzi ya ethanol yadya malita a madzi pafupifupi 2,000, mwinanso 3,000. Ndipo hekitalayo siigwa kumwamba. Panali mapira, mchewere, thonje, msipu wa ng'ombe, kapena dimba lomwe limadyetsa banja chaka cha chilala. Mikangano ya malo a nzimbe inamvekapo kale ku Nkhotakota ndi ku Chikwawa komwe, ndipo siitha msanga.

Sindikunena kuti nzimbe isaonjezeke konse. Alimi a ku Kasinthula ndi a ku Phata anaphatikiza minda yawo n'kumalima nzimbe pamodzi, malo ali m'manja mwawo, ndipo njira imeneyo ndi yosiyana kwambiri ndi kusamutsa mudzi. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe ikutenga madzi pa Kapichira kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000 ku Chikwawa ndi ku Nsanje, idzabweretsa madzi oyenda okha osapopa, ndipo zimenezo zidzapulumutsa magetsi. Koma madzi opatutsidwa kumtunda ndi madzi omwe safika kumunsi. Kumunsiko kuli dambo la Elephant Marsh, lomwe mu 2017 linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Asodzi, olima madimba ndi mbalame zambirimbiri zimadalira kusefukira ndi kuphwa kwa dambolo. Ngati tidula dambo kuti tipulumutse phiri, mafutawo sindingawatchule kuti ndi osamala chilengedwe, ngakhale lawi lake litayera bwanji.

Pamsonkhano wa mwezi uno tinagwirizana chimodzi: ntchito yathu iziima pa ethanol wa molasesi, ndipo pempho lathu likhale la kagawidwe ka amene alipo kale, osati la minda yatsopano.

Novembala

Ethanol wapezekanso pang'ono, ndipo tamugawa m'timabotolo ta theka la lita tokhala ndi chizindikiro chofiira ndi mawu akuti "Osamwa". Mayi mmodzi wa mu msika wavomera kuyesa kugulitsa moyeza, wogula azibwera ndi kachitini ka sitovu kozizira kuti athiridwe wa chakudya chimodzi kapena ziwiri. Akuthirira panja, kutali ndi mbaula za anzake, ndipo pambali pali ndowa ya mchenga.

Chikalata chathu ndalemba mbali yaikulu. Mutu wake ndi pempho lakuti gawo lina la ethanol wopangidwa m'dziko muno lizipatulidwa kukhala lophikira m'mizinda momwe makala amathera, ndipo akathiridwa mankhwala oletsa kumwa asamalipitsidwe msonkho ngati mowa, apo ayi sadzapikisana ndi kajumbo ka makala. Ndaikamonso nkhani ya vinasse ndi kuyeza madzi poyera, ndi ya kuthetsa kuotcha nzimbe mokambirana ndi odula eni ake. Za minda yatsopano talemba mwachidule kuti isakhudze madimba ndi dambo, ndipo eni malo azikhala eni nzimbe. Makaniko wapempha kuti maganizo ake a ndalama zakunja alembedwe pa tsamba lawolawo osafupikitsidwa, ndipo tavomera, chifukwa aphungu adzafunsa funso lomwelo ndipo ndi bwino alipeze litayankhidwa mbali zonse. Iye wadzipereka kuwerengera kuti gawo lomwe tikupemphalo lingachepetse bwanji petulo wosakaniza.

Mvula yoyamba yagwa. Nyengo ino makala amabwera onyowa, amavuta kuyaka ndipo amakwera mtengo chifukwa misewu ya ku Neno imaterera, ndiye tikufuna kuona ngati amayi aphikire nyemba pa sitovu pomwe mbaula ikuvuta. Anyamata akuwotcherera zimango zina za mapoto aakulu. Chikalata tichiwerenga pamaso pa gulu lonse Loweruka likubwerali tisanachisindikize, ndipo bambo wodula nzimbe uja tamutumizira tsamba lokhudza moto kudzera pa WhatsApp ya mwana wake kuti atiuze ngati talemba zomwe ananena.